Mfuti ya mpikisano musagule ndi maso, yambani mwafunsa za zipolopolo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene masamba a zamasewero m'nyuzipepala zathu sailabadira nkomwe, ya masewero owombera chandamale mothamanga aja akunja amati practical shooting, makamaka mbali ya mfuti za machaka zija timangoti shotigani. Kuno ku Mangochi anyamata ambiri amapita ku Joni, ena kukagwira ntchito za ulonda, ena m'mafamu ndi m'mashopu, ndipo angapo abwerako atawaona masewerowa ndi maso awo, ena amangoonera pa YouTube, nde funso limene limabwera pafupipafupi tikamacheza ndi loti kodi munthu atafuna kuyamba agule mfuti yanji. Ine ndinasewerako ku kalabu ina kufupi ndi Johannesburg nthawi imene ndinkagwira ntchito kumeneko, ndipo zimandiwawa kumva mayankho amene anthu akupatsana, chifukwa pafupifupi aliyense akuloza mfuti yodula, yooneka moopsa, ya magazini, kabokosi ka zipolopolo, yolendewera pansi. Ine ndikuti ayi. Munthu wa kuno amene akungoyamba agule ya pampu, yokoka ndi dzanja ukawombera, ya mpope wa saizi ya 12 gauge, yopanda zokongoletsa, ndalama zotsalazo asungire zipolopolo ndi thiransipoti yopitira kokaphunzira.

Masewerowa si kusaka nyama, komanso si aja oponya mbale zadothi m'mwamba munthu ataima malo amodzi. Bungwe lake lalikulu ndi IPSC, linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper. Kuchigawo chathu chino si achilendo kwenikweni, mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mfuti zazing'ono zam'manja unachitikira ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, mu 1977, kenako ku South Africa mu 1979. Wa shotigani pawokha ndi umene unachedwa, woyamba unali ku Debrecen ku Hungary mu 2012, kenako ku Italy mu 2015, ku France mu 2018, ku Thailand mu 2023. Bwalo amalikonza ndi timakoma ta matabwa, timawindo, migolo, ndipo zowombera zake zimakhala timbale tachitsulo toyenera kugwa, mapepala okhuthala, nthawi zina mbale zadothi. Woyang'anira amaima kumbuyo kwako ndi kamakina kowerenga nthawi, kakangolira umayambapo, kuthamanga, kuwombera, kuika zipolopolo zina uku ukuyenda, mpaka zonse zithe. Akatero amatenga mapointi ako n'kuwagawa ndi masekondi amene watha. Kambale kamodzi ndi mapointi 5, ukakaphonya n'kukasiya kali chiimire amakuchotsera 10, nde wothamanga wophonya sapindula, wolasa bwino koma wozengereza nayenso sapindula.

Tsono ndisanafike pa mfuti yeniyeniyo, lamulo kaye, chifukwa apa sitichitapo zachidule. Dziko lathu lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act la 1967, ndipo zonse zimadutsa kwa apolisi, ofesi yolembetsa mfuti ili ku likulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe. Chilolezo chimayamba, kugula kumabwera pambuyo, ndipo laisensi yake imafuna kuikonzanso chaka ndi chaka. Wina akakuuzani kuti akubweretserani mfuti m'katundu wa pa basi yochokera ku Joni, kapena kuti ali ndi munthu cha ku Chiponde amene angaipeze motchipa kuchokera tsidya ilo, ameneyo akukutengerani kundende. Ife a m'malire tikudziwa zimene mfuti zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique zinachita m'midzi yathu olo nkhondoyo itatha mu 1992, sitikufunanso zimenezo, ndipo palibe kalabu yolongosoka imene ingakulandireni ndi mfuti yopanda mapepala.

Mu shotigani muli magulu anayi, ndipo mfuti imene mwagula ndi imene imakusankhirani gulu. Open ndi ya mfuti za magazini ochotsa zija, zokhala ndi kagalasi koyang'anira chandamale ka kadontho kofiira pamwamba, monga Saiga-12 ndi Vepr-12 za ku Russia kapena zina zambiri zopangidwa ku Turkey. Modified ndi ya mfuti za paipi yaitali ya zipolopolo pansi pa mpope, amayamba ndi zofika 14. Standard ndi ya semi-auto wamba, yodzikoka yokha ikawombera, yopanda kagalasi, ndipo Standard Manual ndi ya zokoka ndi dzanja, makamaka za pampu. M'magulu awiri omalizawa umayamba ndi zipolopolo zosapitirira 9 m'mfuti. Chinthu chimene anyamata oonera mavidiyo sachidziwa n'choti wa pampu sapikisana ndi wa Open, aliyense amayezedwa ndi anzake a gulu lake. Ndekuti kugula mfuti ya mamiliyoni ambiri sikukuikani patsogolo, kukungokuponyani m'gulu la anthu amene nawonso ali ndi zida za mamiliyoni komanso akhala akuwombera zaka ndi zaka.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, werengani bwino. Mpikisano umakhala ndi mabwalo osiyanasiyana, lalifupi limafuna zipolopolo zosapitirira 8, lapakati 16, lalitali 28. Inu mwayamba ndi 9. Pa bwalo lalitali ndekuti zipolopolo 19 muziika ndi dzanja lanu nthawi ikuwerengedwa, ndipo apo n'kuti simunaphonye olo kamodzi. Nchifukwa chake amene anasewerapo amadziwa kuti mpikisano wa shotigani umapambanidwa poika zipolopolo, kuwombera kwenikweniko n'kosavuta kwambiri poyerekeza. Akatswiri amavala lamba wokhala ndi timipanda togwira zipolopolo, amatola zinayi nthawi imodzi, ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo, n'kuzikankhira m'mfuti kawiri kokha, pamene wosaphunzira akuika chimodzichimodzi ndi chala chachikulu. Nde mukagwira mfuti m'shopu musayambe n'kuyang'ana utoto, itembenuzeni muone khomo la pansi lolowetsera zipolopolo. Ndi lalikulu bwanji, m'mbali mwake ndi mwakuthwa kapena mosalala, kachitsulo konyamula chipolopolo kaja kamaluma chala kapena ayi. Pa Mossberg 500 ndi 590 kachitsuloko kamakhala kokwera m'mwamba mfuti ikatsekedwa, khomo limakhala lotseguka, pamene pa Remington 870 kamakhala pansi nde umakakankha kaye, ndipo ukathamanga kamatha kukupana chala. Ambiri a Standard Manual amakonda Benelli Nova ndi SuperNova, amakulitsa khomolo kwa mmisiri wa mfuti n'kusalaza m'mbali. Ndikuti kwa mmisiri wodziwa, osati kutenga tupa pakhonde panu, chifukwa mukadya chitsulo mopitirira mwaononga mfuti yonse, komanso nambala ya mfuti simaikhudza nkomwe, umenewo ndi mlandu.

Ubwino wake luso limeneli silifuna ndalama tsiku ndi tsiku. Pali zipolopolo zabodza zopanda wonga zimene zimalemera ngati zenizeni, munthu amaphunzira nazo kunyumba, mfuti atayamba waiona kuti ilibe kanthu, zenizeni zili zokhomeredwa kwina. Amene amachita zimenezi madzulo aliwonse ndi ya pampu yotchipa amamusiya kutali wa semi-auto yodula amene amaigwira tsiku la mpikisano lokha, ndinazionapo ndi maso anga kangapo konse.

Sindikunyoza semi-auto ayi, ndi mfuti zabwino zedi, ndipo wofuna kulowa Standard adziwe kuti zilipo za mitundu iwiri. Zina zimagwiritsa ntchito mpweya wotentha wa wonga, umene umatuluka pa timabowo ta mumpope n'kukankha pisitoni, monga Beretta 1301 Comp ndi Mossberg 940 JM Pro. Zimenezi sizimenya kwambiri paphewa koma zimada msanga, mwaye umadzaza pa pisitoni ndipo ukapanda kutsuka zimayamba kujama. Zina zimadalira kugunda kwa mfuti yomweyo ndi sipuling'i yolimba ya m'kati, monga Benelli M2 ndi Stoeger M3000 yomwe ndi yotchipirapo. Izi zimakhala zaukhondo, zitsulo zake n'zochepa, koma zimamenya kwambiri ndipo zimafuna chipolopolo champhamvu ndithu komanso kuigwira molimba paphewa, ukaipatsa chofooka kapena ukaigwira molobodoka imasiya khoko la chipolopolo chowomberedwa lili pakhomo. Tsono vuto lathu lili pomwepa. Mnzathu wa ku Italy kapena ku America amayesa mitundu ingapo ya zipolopolo n'kusankha imene mfuti yake imakonda, kenako amagula makatoni a mtundu womwewo. Ife kuno zonse n'zochokera kunja, ndalama zakunja zikusowa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde umagula zimene wazipeza pa shelefu tsiku limenelo, mwezi uno za magalamu 28, ulendo wina za 32, wina za kampani imene sunaimvepo. Ya pampu imadya zonsezo chifukwa injini yake ndi mkono wako. Msodzi wa ku Makawa kapena ku Malembo akamagula injini ya boti safunsa liwiro lokha, amafunsa kaye ngati masipeya ake amapezeka pafupi komanso ngati makaniko wa padoko angaikonze, ndipo mfuti ya mpikisano imafuna maganizo omwewo. Sipuling'i ya Remington 870, mfuti imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1950 ndipo zinapangidwa zopitirira 10 miliyoni, mudzaipeza ku Joni mosavuta. Magazini ya mfuti ya dzina lachilendo imene kampani yake yasintha kale modelo, mudzaidikira mpaka mutataya mtima, chonsecho mfuti ya Open imafuna magazini angapo osati imodzi.

Ya pampu nayo ili ndi chilema chake, ndichinene poyera. Munthu akapanikizika ndi nthawi amakoka pampu mosafikitsa kumbuyo, nde khoko silituluka bwino kapena chipolopolo chatsopano sichikwera, ukakhethemula imangoti kha. Mankhwala ake ndi kuikoka mwamphamvu mpaka igunde, kuibweza mwamphamvunso, simungaithyole. Zimenezi zimatha ndi kuphunzira, pamene semi-auto yokana zipolopolo zimene muli nazo simungaiphunzitse kanthu.

Za kukula kwa mpope, malamulo amalola kuyambira 20 gauge kukwera, koma tengani 12. Nambalayi inachokera kalekale pa kuwerenga mipira ya mtovu yokwana m'kamwa mwa mpope imene ingapange paundi imodzi, nchifukwa chake 12 ndi yaikulu kuposa 20, m'kati mwake ndi pafupifupi mamilimita 18.5. Ili ndi machaka ambiri ogwetsera chitsulo, zipolopolo zake ndi zimene zimapezeka, malamba ndi timipanda tonse amapangira imeneyi. Ena amati azimayi ndi achinyamata atenge 20 chifukwa ndi yopepuka, ine sindigwirizana nazo kwenikweni, mfuti yopepuka imamenyanso paphewa, bola 12 yofupikitsidwa thako, mbali yoika paphewa ija, ndi zipolopolo zofewerapo. Musavutikenso ndi mfuti zolandira zipolopolo zazitali za magnum, pa mpikisano ambiri amagwiritsa ntchito za mamilimita 70, zazitali zimangochepetsa malo m'paipi n'kukupwetekani phewa.

Thako limeneli anthu amalinyozera koma ndi lofunika kuposa dzina la kampani. Pa shotigani diso lanu ndi limene limagwira ntchito ya choyang'anira chakumbuyo, ndekuti tsaya likakhala pa thako diso liyenera kugwera pamzere wa mpope lokha popanda kusakasaka. Mfuti zambiri zimabwera ndi thako la mainchesi 14 kapena kupitirira pang'ono, lopangira anthu ataliatali ovala majekete, ife ambiri ndife ofupikirapo ndipo kutentha kwa kuno timawombera titavala tisheti. Lalitali limakola m'khwapa ukamakweza mfuti mothamanga. Tsinzinani, kwezani mfuti paphewa, tsegulani maso, ngati mukuona mpope wapendekeka kapena mutu mukuchita kuupinda ndekuti siyanu mpaka itakonzedwa. Amanzere aonenso pamene pali batani lotsekera, la Mossberg lili pamwamba nde limafikika ndi dzanja lililonse. Utali wa mpope, pakati pa mainchesi 21 ndi 26 ndi pabwino, wautali kwambiri umagunda m'timawindo, waufupi kwambiri umasiya paipi ya zipolopolo yatulukira patali. Paipi yoonjezerayo mudzaifuna chifukwa mfuti zambiri zimabwera zolowa 4 kapena 5 zokha, koma funsani kaye kwa wogulitsa wovomerezeka ndi apolisi musanasinthe chilichonse pa mfuti yolembetsedwa.

Chimodzi chokha chimene sindingalole kuti muchepetsepo ndalama ndi ma choke ochotsa, timapaipi tija tomangira kukamwa kwa mpope toti machaka atuluke omwazika kapena ounjikana. Mfuti ya ulonda ya mpope wosamangika kanthu imamwaza kwambiri, pa mamita 20 machaka ofika pa kambale amachepa, kamangolira koma osagwa, ndipo kosagwa sikawerengedwa. Okonza bwalo amakondanso kuika kambale koletsedwa pafupi penipeni ndi koyenera kuwombera, ukakagwetsa amakuchotsera 10, pamenepo umafuna machaka ounjikana. Ma choke otchedwa improved cylinder ndi modified akukwanirani pafupifupi paliponse. Mukagula, pitani ku bwalo lovomerezeka ndi mapepala akuluakulu, muwombere pa mamita 10, 15, 20 ndi 25 ndi choke iliyonse, muone ndi maso mmene machaka akugwera. Yesaninso slug, chipolopolo cha chibulumwa chimodzi chija, chifukwa mabwalo ena amafuna chimenecho pa mtunda wautali ndipo mfuti iliyonse imachiponya mwa njira yake, ina kumanzere pang'ono ina m'mwamba. Slug sasakaniza m'lamba ndi za machaka, kuwombera chitsulo chapafupi ndi slug n'koopsa ndipo amakutulutsa mu mpikisano.

Kenako nyengo yathu. Chinyontho cha kunyanja ndi thukuta la mwezi wa Okutobala zimadya chitsulo mofulumira, mfuti ya chitsulo chakuda wamba ukaigwira ndi manja a thukuta n'kuiika m'chikwama, pakangopita masiku ochepa zala zako zaoneka ndi dzimbiri. Nthawi ya mwera ndi fumbi ndi mchenga, ndipo mafuta ambiri m'kati mwa mfuti amasanduka phala lokhakhala. Sankhani thako la pulasitiki yolimba osati la mtengo, pukutani ndi kansalu ka mafuta pang'ono mukangomaliza, ndipo musaisunge m'chikwama cha siponji, isungeni m'kabati yachitsulo yokhoma imene mwana kapena mlendo sangaifike. Kabatiyo muiwerengere pa bajeti kuyambira pachiyambi pamodzi ndi magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, chifukwa tizidutswa ta machaka timabwerera kuchokera pa chitsulo ndipo kulira kwa shotigani kumapitirira madesibelo 140, khutu likaonongeka silibwerera.

Wina anandifunsa ngati Greener ya agogo ake yokhala ndi mapepala ingagwire ntchito. Ndi mfuti yolimba, yatumikira alonda ndi alenje dziko lino zaka zambiri, koma imalowa chipolopolo chimodzi, pa bwalo la 28 mudzatopa nokha, chimodzimodzi ya mipope iwiri. Isungeni bwino ngati chuma cha pabanja. Ndipo ndikudziwa kuti kwa ambiri a kuno mfuti ndi imeneyo, kapena gogodela, kapena mzinga uja wa Hotchkiss uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma, wa sitima ya Guendolen imene inakawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi mu 1914. Mfuti timaidziwa pa nkhondo, pa umbava ndi pa kusaka, nde munthu ukati ndi masewero anthu amakuyang'ana mokayika, ndipo sindiwadzudzula. Koma malo amene ndinaonako mwambo wokhwima kwambiri pa mfuti ndi pa bwalo la masewerowa. Mfuti imakhala yopanda kanthu nthawi zonse mpaka woyang'anira atakulamula kuti uike zipolopolo. Kukamwa kwa mpope kukangoloza kumbuyo kumene kuli anthu, wathamangitsidwa. Chala chikakhala pa chokhethemulira uku ukuthamanga kapena ukuika zipolopolo, wathamangitsidwa. Mowa ndiye osayerekeza nkomwe. Palibe kukambirana, olo ukhale katswiri wa dziko lonse kapena bwana wamkulu, umalongedza n'kukhala woonerera tsiku limenelo. Ya pampu imathandizanso apa, woyamba kumene amakhala akudziwa nthawi iliyonse ngati m'mfuti muli chipolopolo chifukwa wachikweza yekha ndi dzanja.

Kwa anyamata athu amene ali ku Joni, mwayi muli nawo kuposa ife tili kuno. Bungwe la masewerowa kumeneko ndi SAPSA ndipo makalabu ake ali m'zigawo zambiri, pitani mukaonerere mpikisano umodzi, nenani kuti ndinu atsopano, funsani amene akuwombera ya pampu kuti chimawavuta n'chiyani ndipo masipeya amagula kuti. Owombera ambiri amasangalala kuonetsa zida zawo, ndipo kugwira mfuti zitatu zinayi pamaso pa mwini wake ndi woyang'anira kudzakuuzani zambiri kuposa mavidiyo a mwezi wathunthu. Dziwaninso kuti laisensi ya ku South Africa sigwira ntchito ku Malawi, kulowetsa mfuti m'dziko muno kumafuna chilolezo chakechake musananyamuke.

Pempho langa kwa inu Akonzi, tumizani mtolankhani wa zamasewero akacheze ndi ofesi yolembetsa mfuti ku Area 30, atilembere m'Chichewa chomveka njira yonse imene munthu wofuna mfuti ya masewero angatsate, mafomu ake, ndalama zake, kasungidwe kamene amafuna, ndi malo ovomerezeka owomberako. Anthu akasowa uthenga woona amamvera wa pa WhatsApp, ndipo pa nkhani ya mfuti zimenezo zimathera kupolisi kapena kuchipatala.

Wowerenga wanu,
Mangochi